Zaka 20 Akuziziritsa Hydrogen

Atomu ya hydrogen sifuna kukhala yokha. Ikakumana ndi inzake pakhoma la chotengera, ziwirizo zimagwirana n'kukhala molekyu, ndipo kutentha kotuluka pamenepo kumawononga ntchito yonse. Komatu Daniel Kleppner ndi Thomas Greytak a ku MIT ankafuna maatomu amenewa ali paokhapaokha, ochuluka, ozizira koopsa. Ankasaka zimene Einstein analosera mu 1925 potsatira ntchito ya Satyendra Nath Bose: mpweya ukazizira mokwanira, maatomu ambirimbiri amagwera mumkhalidwe umodzi n'kukhala funde limodzi. Anayamba cha mu 1978.

Mdani wamkulu anali khoma. Mu 1980 ku Amsterdam, Isaac Silvera ndi Jook Walraven anakuta mkati mwa chotengera ndi helium wamadzi wopyapyala, amene hydrogen samamatirapo kwenikweni, kwinaku maginito amphamvu akulozetsa spin ya maatomu mbali imodzi kuti asagwirane. Mpweya unakhazikika, koma sunazizire mokwanira. Mu 1986 Harald Hess wa ku MIT komweko anapeza njira ina: mpweyawo ulenjekeke m'malere ndi mphamvu ya maginito, osakhudza khoma, maatomu otentha kwambiri aziloledwa kuthawa, otsalawo azigawana mphamvu yochepa yotsalayo. Ndi mmene phala limazizirira nthunzi ikamachoka.

Apa ndi pamene luso la Kleppner ndi Greytak limandigwira mtima. Maatomu a hydrogen sagundana kawirikawiri, choncho amachedwa kugawana mphamvu. Ukafulumira kutsitsa mpanda wa maginito, wataya maatomu pachabe. Ukazengereza, spin imatembenuka ndipo maatomu amapulumuka okha. Pofuna kusankha bwino maatomu oyenera kuchotsedwa, anaganiza zogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, koma chitsulo cha chotengera chimatsekereza mafundewo. Sanakakamire chitsulocho. Anamanga chotengera cha pulasitiki, n'kuchiveka helium wamadzi woti azichotsa kutentha.

Nthawi imeneyo n'kuti ena atawadutsa kale. Mu 1995 Eric Cornell ndi Carl Wieman ku Boulder anakwanitsa ndi rubidium, Wolfgang Ketterle ndi sodium, onse atatsamira njira yothawitsa maatomu otentha ija. Mphotho ya Nobel ya 2001 inapita kwa atatuwo. Kleppner ndi Greytak sanasinthe atomu yawo.

Mu June 1998 mpweya wawo unafika pa ma microkelvin pafupifupi 50, ndipo maatomu pafupifupi 1 biliyoni anagwera mumkhalidwe umodzi uja. Kuwaona nakonso kunali ntchito. Anawomba laser ya 243 nanometre kuchokera mbali ziwiri, kuti atomu imeze ma photon awiri nthawi imodzi n'kukwera kuchoka pa mlingo wa mphamvu wa 1S kufika pa wa 2S. Maatomu akathithikana, frequency yofunika pa kukwera kumeneku imasuntha. Choncho pamene chizindikiro chatsopano chinatulukira patali ndi cha mpweya wamba, anadziwa kuti pakati pa msampha wa maginito papangika kachingwe kothithikana, kotalika mamilimita 5.