Anthu odziwa pogona m'phiri la Mulanje

Mlendo akafika m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula, maso ake amathamangira pamchenga wosalala umene uli pafupi ndi madzi. Pamaoneka pabwino: palibe miyala yobaya msana, ndipo madzi otunga ali pompo. Gaidi wodziwa ntchito yake amapadutsa pamenepo osacheuka n'komwe. Iye amayang'ana m'mwamba, m'nthambi za mitengo ya m'gombe, kufuna udzu wouma ndi zinyalala zimene madzi adakoleka pamene mtsinje udasefukira komaliza. Akaziona zili pamwamba pa mutu wake, amakwera mtunda mpaka atazisiya m'munsi, ndipo pamenepo m'pamene amatula katundu.

Nzeru imeneyi adaphunzitsidwa ndi phiri lenilenilo. Mulanje ndi thanthwe, ndipo thanthwe silimwa madzi. Mvula ikagwa kumtunda, ku Chambe kapena cha ku Sapitwa, nsonga ija yotalika mamita 3,002, madzi onse amatsetsereka nthawi imodzi kulowa m'makwawa. Mtsinje umene munawoloka masana madzi akulekeza m'mawondo ukhoza kufika usiku ukugubuduza miyala, kumsasa kuno kusanagwe ngakhale dontho. Mu 1949 mzungu wina woyang'anira nkhalango, Fred France, adakokoloka powoloka mtsinje wodzaza m'phirimu. Laurens van der Post, amene anali naye paulendowo, adalemba za imfayi m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior, ndipo kanyumba kena ku Chambe kamadziwikabe ndi dzina la France. A ku Phalombe sadaiwale Napolo wa mu 1991, ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adasiya zipsera m'nthiti mwa phiri. Mwana wobadwira patsinde pa phirili sachita kuwerenga zimenezi m'buku.

Kuno ku Mabvuku, ku Harare, ukanena kuti kuli anthu amene amalipira ndalama kuti akagone panja, akaphike pankhuni ndi kutunga madzi kumtsinje, anthu amaseka mpaka kugwira nthiti. Sindiwadzudzula. M'makomo ambiri a Mabvuku ndi Tafara mipopi imatha nthawi yaitali ili gwa, magetsi amabwera mwa apo ndi apo, choncho chigubu ndi nkhuni si zachilendo kwa aliyense. Komatu munthu wodziwa kulemera kwa chigubu cha malita 20 ndiye angayamikire ntchito ya anyamata a pa Likhubula kuposa mlendo wochokera ku London. Ndiponso ambiri a ife ndife zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland wapansi, kuwoloka Zambezi cha ku Tete, kudzera ku Mutoko mpaka ku Salisbury. Ulendo wa masabata ngati umenewo sukadatheka popanda munthu mmodzi pagulu wodziwa pogona, poyatsa moto ndi madzi oti n'kumwa. Luso limeneli lidatipulumuka m'mizere ya nyumba za m'lokeshoni. Ku Mulanje likadalipo, ndipo likudyetsa mabanja.

Ku Likhubula si kovuta kufika. Kuchoka pa Chitakale mumatsata msewu wa ku Phalombe makilomita pafupifupi 10. Pali ofesi ya zankhalango pomwe okwera phiri amalembetsa ndi kupeza magaidi ndi onyamula katundu. Pali Likhubula House ya mpingo wa CCAP, sinodi ya Blantyre, pomwe munthu akhoza kukhoma tenti pansi pa mitengo. Zambiri palibe: bwalo, mthunzi ndi mkokomo wa mtsinje. Mukakwera pang'ono mumafika pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe mathithi amagwera m'madzi ozizira olasa mafupa, ndipo njira ziwiri, ya Skyline ndi ya Chapaluka, zimakafika ku Chambe.

Akasankha malo, gaidi sathamangira kumasula tenti. Amayamba wayenda mozungulira, maso pansi, kufuna mzere wa linthumbu, chifukwa tinyerere timeneti tikalowa m'tenti pakati pa usiku palibenso wogona. Kenako amakweza maso kuona ngati pamwamba pali nthambi yakufa imene ingathyoke ndi mphepo. Amapalasa pansi ndi phazi, kuchotsa tizitsa, n'kugona chagada kamphindi kuti msana umuuze kumene nthaka yapendekera. Mutu uyenera kukhala kumtunda. Khomo la tenti amalifulatitsa mphepo ya mwera. Pansi pakakhala thanthwe loti chikhomo sichingalowe, amakulunga chingwe pakamtengo, n'kukapanikiza ndi miyala iwiri, waung'ono kutsogolo, waukulu pamwamba. Asanakagone amadzabweranso kudzakoka zingwe zonse, podziwa kuti nsalu ya tenti ikanyowa ndi mame imakhwepa. Palinso chifukwa china chothawira m'gombe: usiku mpweya wozizira umatsika kukadikha m'chigwa, moti wogona pafupi ndi madzi amazizidwa kuposa mnzake amene ali mamita ochepa chabe kumtunda. Ndipo popeza Likhubula ali kuzambwe kwa phiri, dzuwa lam'mawa limachedwa kutulukira. Gaidi amadziwiratu pamene lidzayambire kugunda, n'kuika tenti pamenepo kuti iume msanga.

Koma pamene ine ndimagoma napo kwambiri ndi pamoto.

Tsiku lowala aliyense angathe kukoleza moto. Mayeso enieni ndi tsiku la chiperoni, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene nkhungu ndi mvula yowaza zochokera ku Mozambique zakhala zikunyowetsa chilichonse kwa masiku angapo. Mlendo amatola nkhuni zapansi, zimene zamwa madzi mpaka mumtima. Gaidi amafuna tinthambi takufa timene tikadali pamtengo, kapena timene tabisala pansi pa thanthwe. Amatiyesa ndi khutu: kakathyoka ndi kaphokoso kakuti thwa, n'kouma, kakangopindika, amakataya. Chikuni chachikulu amachiwaza ndi chikwanje kuti afike pamtima pouma, n'kusenga tizipalapala topyapyala ndi mpeni. Machesi amatuluka m'kabotolo kotsekedwa bwino, kapena m'kajumbo kokulungidwa kangapo m'thumba lam'kati. Akayatsa, sathamangira kuunjika nkhuni. Moto wa pachiperoni umaleredwa ngati khanda: kauziridwe kake n'kapang'onopang'ono, kadyetsedwe kake n'katizidutswa, ndipo thupi la mwini wake limakhala mpanda wotchinga mphepo. Nkhuni zonyowa amaziyala mozungulira kuti ziyambe zawotha, zidzalowe pamoto zitauma.

Mafuwa nawo sangotola paliponse. Mwala wa mumtsinje, ngakhale ukhale wosalala bwanji, saufuna. Umakhala ndi madzi m'ming'alu yake, ndipo ukatentha madziwo amasanduka nthunzi, mwala n'kuphulika pankhope pa wophika. Amatenga miyala youma yakumtunda, itatu yofanana msinkhu, n'kusiya mpata umodzi moyang'ana kumene kukuchokera kamphepo. Moto wake umakhala waung'ono, wokwana pansi pa poto basi. Chimoto chamalawi ofika m'mutu chija chimakoma pazithunzi, koma chimatha nkhuni za masiku atatu ndi kupsereza ndiwo.

Pali nkhuni imodzi imene ikadachepetsa ntchito yonseyi, koma gaidi wolongosoka saikhudza. Mkungudza uli ndi mafuta, umayaka mosavuta, ndipo fungo lake amene adalinunkhiza saliiwala. Chiswe sichiudya, n'chifukwa chake anthu adaukonda pamatabwa. Azungu adautcha Widdringtonia whytei potengera dzina la Alexander Whyte, ndipo mu 1984 udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Ngakhale phirili lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, macheka sadaleke kulira, ndipo kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Lero zimene zili m'phirimo ndi mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akubzala. Tisanamizane, ena mwa anyamata amene lero akunyamula zikwama za alendo adaphunzira njira za m'phiri akusenza matabwa pamutu, nkhata yokha ikuwateteza. Mapazi ndi omwewo; chasintha ndi katundu.

Kuphika kumtunda kuli ndi malamulo ake. Pazidikha za pamwamba, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, madzi amawira pa madigiri 93 m'malo mwa 100. Amabwata ndithu, koma satentha mokwanira. Nyemba zimene kunyumba zimapsa ndi mtolo umodzi wa nkhuni, kuno zimangovina m'poto mpaka usiku. Choncho wodziwa amanyamula usipa, nyama yasoya, mazira, tomato ndi anyezi. Akafuna nyemba amazinyika kuyambira dzulo lake. Phala la nsima amalisiya lithakathake nthawi yotalikirapo asanayambe kuthira ufa, apo ayi nsima imatuluka yambwewe, yonunkha ufa. Poto wa pamafuwa a m'tchire sakhazikika ngati wa kukhitchini, ndiye amamupana ndi kamtengo kamphanda kopondedwa ndi phazi, manja onse awiri ali pamthiko. Ndidadyapo nsima yoteroyo itapakulidwa ndi chipande chonyikidwa m'madzi a mumtsinje, mitanda yake yosalala, yofanana, ndipo ndimakayika ngati ambiri a ife amene tili ndi masitovu tingaifikire.

Chakudya chotsala amachitsekera m'chikwama n'kuchipsinja ndi mwala, chifukwa apusi ndi makwangwala a kumeneko adazolowera alendo. Madzi akumwa amatunga kumtunda kwa msasa, pamene akuthamanga. Zotsuka amatsukira pamtunda, madzi a sopo n'kuwathira m'nthaka, osati mumtsinje. Si mwambo wachabe: kumunsi kuli midzi, ndipo masiku ano ena mwa madzi a Likhubula amayenda m'mapaipi kudzera ku Nguludi kukamwedwa ku Blantyre.

Luso lovuta kuposa onse ndi lokaniza munthu amene akukulipira. Mlendo wabwera kuchokera kutali, masiku ake ndi owerengeka, akufuna Sapitwa lero lomwe. Gaidi wadzuka m'mamawa, waona mitambo ikukwawa kuchokera kumwera chakum'mawa, wamva kuti mphepo yatembenuka. Sakweza mawu. Amangoti, "Bwana, lero phiri silikufuna. Tiyeni timwe tiyi, tione mawa." Mlendo akakhala Mmalawi mnzake wachikulire, amati, "Bambo, mundikhululukire, koma uku lero sindingakutengereni." Akuluakulu a kumeneko, Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao, amati phirili lili ndi eni ake, mizimu yosafuna phokoso ndi mwano, ndipo chikhulupiriro chimenechi n'chimodzi mwa zimene UNESCO idaona polemba Mulanje pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025. Wina akhoza kukhulupirira za mizimu, wina ayi, koma nkhungu ikatseka, thanthwe likaterera, langizo la agogo ndi la odziwa zanyengo limakhala limodzi. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, adasiya gaidi wake n'kupitirira yekha kunka ku Sapitwa. Adapezeka patatha masabata atafa ndi kuzizira. Nkhani yake idasanduka kanema mu 2017.

Kumtunda anthu ambiri sagona m'matenti koma m'tinyumba tamatabwa: Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu. Bungwe la Mountain Club of Malawi, limene lidayamba mu 1952, limathandizana ndi a zankhalango kutisamalira. Panyumba iliyonse pamakhala mlonda, ndipo ameneyu ndi mmisiri wina wosatchuka. Akangoona anthu akutsika chitunda chakutali, amayamba kusonkha moto ndi kutereka madzi, moti mukamafika, miyendo ikunjenjemera, ndowa ya madzi ofunda ili kale kubafa.

M'mawa wonyamuka, ntchito yomaliza ndi kupha moto. Gaidi amathira madzi, kuvundula phulusa ndi kamtengo, kuthiranso, kenako n'kuikapo dzanja kuti amve ngati pakufundabe. M'chilimwe khala limodzi likwanira kutentha phiri lonse la udzu, ndipo mbande za mkungudza sizipirira moto. Mafuwa amawabweza kumene adawatenga, zitini ndi majumbo zimalowa m'chikwama kutsika nazo.

Chaka chilichonse, m'nyengo yozizira, pa Likhubula pamayambira mpikisano wa Porters' Race: makilomita opitirira 20, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, kutsikanso. Opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa njira imene mlendo amayenda masiku awiri. Tsiku limenelo atolankhani amabwera, mayina amalembedwa. Koma mpikisanowu umayesa miyendo ndi mapapo okha. Za linthumbu, za mafuwa, za kukaniza bwana mwaulemu, palibe amaperekapo mendulo. Malipiro a gaidi amawerengedwa patsiku, ndipo anyamata ndi ambiri kuposa alendo, moti munthu akhoza kudikira nthawi yaitali isanakwane nthawi yake yokweranso, makamaka m'dzinja pamene alendo amasowa. N'chifukwa chake zimandinyansa kuona munthu wovala nsapato za mtengo woposa malipiro a gaidi a mwezi wonse akunenerera mtengo pa ofesi ya zankhalango. Ife a ku Mabvuku amene timakwera basi ya ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda ndi Mwanza, kawirikawiri timapitira maliro kapena ukwati, n'kubwerera osaona kanthu. Kuchoka ku Limbe kukafika pa Chitakale ndi ulendo wa minibasi wosakwana maola awiri, ndipo pamenepo njinga zamoto za kabaza zimakhala zikudikira okafika ku Likhubula.