Buku la Iowa ndi Kamera ya Dola Imodzi

Wojambula zithunzi akatibweretsera chithunzi cha ukwati chooneka mwa chimbuuzi, nkhope ya mkwatibwi itasanduka ngati utsi, palibe mmodzi wa ife amene angamlipire ndi mtima wonse. Timati ntchito yaonongeka. N'chifukwa chake ndinazizwa pamene ndinayamba kuona zithunzi za m'buku lotchedwa Iowa, la mayi wa ku America dzina lake Nancy Rexroth, buku limene akatswiri a luso lojambula amalitama kwambiri, chonsecho zithunzi zake zambiri ndi zomwe ife tikanazibweza kwa mwini wake.

Bukuli linatuluka mu 1977, mayiyu atalisindikizitsa yekha, ndipo University of Texas Press inalisindikizanso mu 2017. Zithunzizo anazijambula kuyambira 1970 mpaka 1976 ndi kamera yotchedwa Diana, imene inkapangidwa ku Hong Kong m'zaka za m'ma 1960 monga chidole, mtengo wake pafupifupi dola imodzi. Thupi lake ndi la pulasitiki, ndipo ngakhale diso lake lenilenilo ndi la pulasitiki, osati la galasi. Kuwala kumalowera m'ming'alu ndi kuwaula filimu, kotero kuti oigwiritsa ntchito amaimata ndi tepi yakuda. Chithunzi chikatsukidwa, pakati pake pamaoneka bwino pang'ono, m'mphepete muli chimbuuzi, m'ngodya zinayi muli mdima. Pa Ohio University, pamene Rexroth ankaphunzira, mphunzitsi Arnold Gassan ankagwiritsa ntchito kamera imeneyi pophunzitsa, kuti ophunzira aleke kudalira zipangizo zokwera mtengo ndi kuyamba kuphunzira kuyang'ana.

Nanga mayiyu anajambula chiyani? Zinthu zimene munthu amazidutsa tsiku ndi tsiku osacheuka: makonde a nyumba zamatabwa, mazenera, zipinda zopanda anthu, ana akusewera, nkhukundembo zikuyandikira. Chithunzi chimene chinandigwira mtima koposa ndi cha kama wa mayi wina ku Logan, m'chigawo cha Ohio, cha mu 1970. Palibe munthu pa kamapo. Pali nsalu yoyera yoyalidwa bwino, yowala ngati mwezi, ndi mdima woizinga. Kamera yakuthwa ikanationetsa ulusi wa nsaluyo, ming'alu ya khoma ndi fumbi la pansi, ndipo tikanayamba kuwerengera umphawi kapena ukhondo wa mwini nyumba. Diana inameza zonsezo, nitisiyira kama yekha, monga momwe munthu wamkulu amakumbukira chipinda cha agogo ake: sadziwanso kuti chitseko chinali mbali iti, koma kuyera kwa nsalu ndi bata la m'chipindamo sizinamchoke.

Apa ndi pamene ndimavomereza kuti chimbuuzi cha m'bukuli si ngozi. Chikumbumtima sindikuchinena, ndikunena chikumbukiro: nacho chili ndi pakati powala ndi m'mphepete mwa mdima. Rexroth anazindikira kuti chilema cha kamerayo chikufanana ndi chilema cha kukumbukira kwathu, ndipo anachigwiritsa ntchito mwadala kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Anatsukanso zithunzi zake zazing'ono, zosaposa chikhatho, zoti munthu aziyandikire ndi kuwerama, osati kuziona ali patali.

Komatu pali chinthu chimene chimandivuta, ndipo sindingachibise. Bukuli dzina lake ndi Iowa, koma zithunzi zake zambiri sizinajambulidwe ku Iowa. Zinajambulidwa m'timatauni ta kumwera chakuvuma kwa Ohio, monga Albany, Amesville ndi Pomeroy, dera la mapiri limene linkadalira migodi ya malasha, ndipo linali limodzi mwa madera osauka a chigawocho. Mayiyu anatchula dzina la Iowa chifukwa ali mwana ankapita kumeneko kukacheza kwa abale ake, ndipo malo a ku Ohio ankamkumbutsa masiku amenewo. Ndiye funso ndi ili: kodi n'chilungamo kulowa m'nyumba ya munthu, kujambula kama wake ndi khonde lake, kenaka n'kuzisandutsa maloto a ubwana wako? Mwini kama uja anali ndi dzina, mavuto ake, mwinanso ngongole kusitolo. M'chimbuuzi zonsezo zimasungunuka, ndipo umphawi umatha kuoneka wokoma m'maso mwa wodutsa amene sagona m'nyumbamo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Koma mame amenewa anachoka ndi chithunzi cha m'chipinda.

Pomteteza, ndiyenera kunena kuti sananamize munthu. Chithunzi chilichonse anachilembera dzina lenileni la malo ndi chaka chake, kotero kuti woona amadziwa kuti Iowa ameneyu sali pa mapu. Ndiponso m'zithunzimo simupezamo chipongwe kapena kuseka anthu. Muli ulemu wa munthu woyenda monyang'ama m'nyumba ya eni. Kwa ine zimenezi zimachepetsa mlandu, koma siziuthetsa. Zithunzi za zipinda ndi makoma ndimazikhulupirira kotheratu. Za nkhope za anthu ndimaziona ndi mtima wokayika pang'ono.

Za amene anatsatira m'mapazi ake sindinena zambiri. Kamera ina ya pulasitiki, Holga, inatulukanso ku Hong Kong kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo David Burnett anajambula nayo Al Gore pa misonkhano yokopa anthu ya mu 2000. Mu 2007 kampani ya Lomography inayamba kupanga Diana yatsopano, ndipo pofika 2010 mafoni anali ndi njira zodetsera ngodya za chithunzi ndi kuchisuwitsa mtundu pongokhudza ndi chala. Zithunzi zotere ndaziona zambirimbiri: mpanda, njinga, galu wagona pakhomo, zonse zovekedwa ukalamba wobwereka. Pafupifupi zonse ndinaziiwala ndisanatseke foni. Kama wa ku Logan uja ndimamuonabe ndikatsinzina.