Mapanga Ambiri a Steve Chimombo

Chaka china ndidalemba nthano yaitali n'kukaisiya ku kampani ina yosindikiza mabuku mu Blantyre. Patatha miyezi isanu ndi itatu ndidapitako kukafunsa. Bambo amene adandilandira adatsegula kabati, natulutsa envulopu yanga ya khaki ili chimatire momwe ndidaimatira. Funso lawo lidali limodzi: "Kodi zimenezi zili pa silabasi?" Nditati ayi, adapukusa mutu ngati munthu wodzapepesa maliro. Sindiwada bambowo. Osindikiza kuno kwathu amadyera mabuku a sukulu, ndipo buku lomwe ana sadzalifuna pokonzekera mayeso a MSCE limangochita fumbi pa shelefu.

Miyezi yonseyo sindidakhale manja lende. Ndidali kulembera sewero achinyamata a ku tchalitchi kwathu. Anzanga adandichenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa, ngati ndikufuna dzina langa pachikuto cha buku ndisiye zamasewerazo. Mwambiwu ndi wa akulu ndipo ndimaulemekeza, koma ndikaganiza za malemu Steve Chimombo ndimaona kuti pa nkhani ya zolemba pafunika kufunsa kaye kuti mapangawo ndi otani.

Chimombo adabadwira ku Zomba mu 1945, adamwalira mu 2015, ndipo zaka zambiri adaphunzitsa ku Chancellor College. Mapanga ake sadali awiri okha. Adalemba ndakatulo, masewero, nthano zazitali ndi zazifupi, adachita kafukufuku wa nthano ndi nyimbo za makolo, adayendetsa magazini, mapeto ake n'kukhala wosindikiza mabuku. Zambiri adazilemba m'Chingerezi, zomwe ine zimandiwawa pang'ono, ngakhale adatisiyira sewero la m'Chichewa lotchedwa Wachiona Ndani?

Nthawi yomwe iye ankayamba, njira yofikira kwa owerenga idali yaminga. Lamulo la 1968 lidapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yowunika mabuku ndi masewero anthu asadawaone. Jack Mapanje adakasindikizira Of Chameleons and Gods ku London mu 1981, koma kutalikirako sikudamupulumutse: mu 1987 adamutsekera ku Mikuyu, natuluka mu 1991. Chimombo adatsala pakhomo, nabisala m'nthano za makolo. Adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe anthu amati chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi monga zidachitikira ku Zomba mu 1946. Adatenganso M'bona, mwini mvula amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Wowunika mabuku akanati chiyani pa ndakatulo yonena za njoka ndi mvula? Koma wowerenga wa nthawi imeneyo ankadziwa bwino kuti chinthu chomwe chimadutsa usiku n'kutenga anthu, m'mawa onse n'kumangolankhula monong'ona, si njoka yokha.

Apa m'pomwe mwambi uja umandiperewera. M'bona wa m'sewero la The Rainmaker, lomwe lidasindikizidwa mu 1978, ndi yemweyo adabweranso m'ndakatulo yaitali ya Python! Python! mu 1992. Napolo wa m'ndakatulo za mu 1987 adadzatulukiranso m'mutu wa nthano yaitali ya The Wrath of Napolo mu 2000. Munthuyu sankathamangira minda yambiri. Munda udali umodzi, koma wa kasakaniza: chimanga, nyemba ndi maungu pamzere umodzi, china chikuphimbira chinzake nthaka. Iye mwini, m'buku lake la kafukufuku la mu 1988, adapeka liwu lakuti ulimbaso pofuna kutchula maluso athu onse ndi dzina limodzi. Ndipo khutu la Mchewa silivutika kumva chibalecho: kulemba, kuimba, kuumba, kusimba, kuomba nsalu. Onsewa ndi ana a bere limodzi.

Chomwe sewero limapatsa mlembi ndidachiona ndi maso anga m'holo ya tchalitchi ija. Mtsikana wina ankasewera ngati mayi wokalipira mwana wake. Ndidamulembera mawu akuti: "Mwana wanga, mtima wanga wadzazidwa ndi chisoni chachikulu chifukwa cha manyazi amene wabweretsa pa banja lathu pamaso pa mudzi wonse." Tsiku lililonse akafika pamenepo ankapunthwa, mpweya n'kumuthera pakati. Ine n'kumakalipa kuti saloweza. Tsiku lachinayi adangotembenuka, namuyang'ana mnyamata wosewera ngati mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati: "Iwe. Pamaso pa anthu?" Holo yonse idangoti zii, ngakhale ana omwe ankasuzumira pa windo. Ndidafufuta mzere wanga madzulo omwewo. Mawu anga adali olembedwa ndi dzanja, ake adachokera m'kamwa mwa mayi weniweni.

Wosewera ndi mkonzi wosadziwa kuti ndi mkonzi. Owonera nawo ndi akonzi ankhanza: ukatalikitsa amayamba kutsokomola, ena n'kumatuluka. The Rainmaker si sewero lopepuka, muli malo olemera ndi miyambo omwe amafuna kudekha, komabe lili ndi malire chifukwa lidalembedwera pakamwa ndi pabwalo. Phanga la mtundu umenewu silivumbwitsa munthu.

Phanga linalo ndi lomwe ndili nalo mawu. Chimombo adayambitsa magazini ya zaluso ya WASI, kenaka WASI Publications ku Zomba komweko, nayamba kutulutsa yekha mabuku ake. Ubwino wake ngwosabisika. A Referendum of the Forest Creatures lidatuluka mu 1993, chaka chomwecho Amalawi adaponya voti yosankha ndale za zipani zambiri. Likanadikira osindikiza a kunja likanafika nsima itapola. Magaziniyo nayo idapatsa malo alembi, ojambula ndi oimba omwe panalibe wina wowalemba mbiri. Komanso sadatseke khomo la kunja: Heinemann idatulutsa Napolo and the Python mu 1994.

Koma munthu akakhala mlembi, mkonzi ndi wosindikiza nthawi imodzi, ndani angamuuze kuti achimwene, apa dulani? The Wrath of Napolo ndi nthano ya mtolankhani wofufuza za sitima yomwe idamira panyanja kalekale, nkhani yokumbutsa ngozi ya MV Vipya ya mu 1946. Phata lake ndi lamphamvu: dziko lomwe langotuluka muulamuliro wa chipani chimodzi likuopa kuvundula zomwe zili pansi pa madzi. Koma bukulo lili ndi masamba oposa 500, ndipo ine powerenga ndimamva m'malo ambiri mphunzitsi wa ku koleji akulanda mpando wa wosimba nthano. Zomwe adafufuza zonse akufuna zilowe, anthu a m'nthanomo n'kumakambirana ngati ali pamsonkhano. Ikani pambali pake kanthano kake kakafupi ka The Rubbish Dump, ka mnyamata ndi mkulu wotaya zinyalala za ku bwalo la ndege. Masamba ochepa okha, koma fungo la dzala lija ndi chilakolako cha mwanayo chofuna kuuluka sizikuchoka m'mutu. M'menemo mulibe liwu lomwe ungalichotse. Nthano yaitali ija ikanakumana ndi munthu wa mpeni wosaopa ulemu wa pulofesa, ndikukhulupirira kuti bwenzi lero ikuwerengedwa ndi anthu ambiri kuposa omwe amangoitchula.

Sindikunena izi monyoza. Chimombo akanadikira kuti wina amusindikizire, theka la zomwe tili nazo bwenzi zili m'maenvulopu a khaki. Vuto n'lakuti njira yomwe iye adalambula movutikira lero yasanduka msewu wa tala. Aliyense wokhala ndi kompyuta ndi kangachepe m'thumba amapita kwa osindikiza, nalamula mabuku mazana awiri, nachititsa mwambo wokhazikitsa buku ku hotela. Mlendo wolemekezeka agula buku loyamba pa mtengo wa mbuzi, zithunzi zidzaza pa Facebook, koma ukatsegula tsamba loyamba upeza chiganizo chomwe palibe adachiwerengapo mokweza, ngakhale mwini wake. Chimombo adali atadutsa kale m'manja mwa osewera, a akonzi a ku Limbe, ndiponso m'magulu a alembi a ku Chancellor College komwe ndakatulo ankaisenda mwini wake ali pompo. Ambiri a ife tikuyambira komwe iye adathera.

Envulopu yanga ndidabwera nayo kunyumba. Sindidapite nayo kwa osindikiza ena, ngakhale ndalama ya mabuku zana ndikanaipeza. Ndidaitana mtsikana uja ndi anzake awiri, tidakhala pakhonde Loweruka lililonse, iwo akuwerenga mokweza, ine ndili ndi cholembera chofiira. Paliponse pomwe apunthwa ndinkaika chizindikiro. Pofika mutu wachisanu tidali titataya masamba makumi anayi, kuphatikizapo loto la agogo lomwe ndinkalikonda kuposa china chilichonse m'bukumo. Mtsikanayo adaliwerenga mpaka kumapeto mosapunthwa, natukula maso, nandifunsa kuti, "Ndiye agogowa adzuka liti?"