Phunziro lomata kumapeto kwa nthano za Aesop

Mmbulu ndi Mwanawankhosa anakumana pamtsinje, onse ludzu litawagwira. Mmbulu ankamwa chakumtunda, kamwanako chakumunsi. Mmbulu anati kakumuvundulira madzi. Iko kanayankha kuti madzi akuchokera kwa iyeyo kutsikira kwa iko, ndiye zingatheke bwanji? Mmbulu anasintha mlandu: akuti miyezi isanu ndi umodzi yapitayo kanamutukwana. Kamwanako kanati nthawi imeneyo kanali kasanabadwe. Ndiye kuti anali bambo ako, anatero Mmbulu, n'kukakhadzula pomwepo.

Nthano yonse ndi imeneyo. Phaedrus, amene anailemba ngati ndakatulo ya Chilatini m'zaka 100 zoyambirira Khristu atabadwa, anaiika patsogolo pa nthano zake zonse, ndipo ili ndi mizere 15 yokha. Iwiri yomaliza ndiyo ya phunziro: akuti nkhaniyi yalembedwera anthu amene amapondereza osalakwa powapekera milandu.

Tsono ndani waphunzirapo chiyani? Mwanawankhosa sananame, sanachite mwano, sanalowe m'munda mwa eni. Mmbulu naye sanalangidwe, wachoka atakhuta. Mwana wasukulu akafunsidwa kuti nthanoyi ikutiphunzitsa chiyani adzati tisamazunze anzathu, aphunzitsi n'kumuchongera, chikhalirecho m'nthanomo wozunza mnzake ndiye zamuyendera. Ine ndimaona kuti mawu a phunziro amene timawapeza kumapeto kwa nthano zakalezi ndiwo gawo lofooka kwambiri la luso limeneli, ndipo kawirikawiri amatiphimba maso kuti tisaone pamene mmisiri anagwira ntchito.

Ntchitoyo ili m'kasanjidwe ka milandu itatu ija. Woyamba ukhoza kuweruzidwa ndi maso, pakuti aliyense akuona kumene madzi akulowera. Wachiwiri umafuna kuwerenga miyezi, komabe uli ndi yankho. Wachitatu ulibe poyankhira, chifukwa woimbidwa mlanduyo palibe, ndipo Mmbulu sakudikiranso kuti amve. Milandu ikunka nichepa mphamvu pamene mano akunka nayandikira. Ndiye pali funso limene nthanoyi siifunsa mokweza koma imalisiya m'mutu mwa womvera: Mmbulu wavutikiranji n'kuzenga mlandu, pamene panalibe womuletsa kungodya? Apa mpamene wopekayo anaona chinthu chimene alangizi ambiri sachiona, choti wamphamvu sakhutira ndi nyama yokha, amafunanso kuti zimveke kuti iye ndiye walakwiridwa. Chiganizo chimodzi cha phunziro sichingasenze zimenezi. Muyenera kumumva Mmbuluyo akulankhula katatu konse.

Za Aesop mwini wake timadalira zimene ananena ena, popeza sanasiye buku lolemba yekha. Herodotus, polemba m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, anati anali kapolo wa munthu wina wa pachilumba cha Samos dzina lake Iadmon, ndipo anaphedwa ndi anthu a ku Delphi. Zimenezi zimamuika m'zaka za m'ma 500 Khristu asanabadwe. Koma olemba akale akamamuonetsa akusimba nthano, sakhala atazunguliridwa ndi ana madzulo. Amakhala pabwalo, pakati pa akuluakulu, moyo wa munthu uli pachiswe.

Aristotle, m'buku lake lophunzitsa luso lokopa anthu polankhula, amasimba kuti Aesop anaimira mtsogoleri wina wa ku Samos amene ankazengedwa mlandu woti aphedwe. Anawauza za Nkhandwe imene inakokoloka ndi madzi n'kukapanikizika m'phanga, nkhupakupa n'kuimatirira thupi lonse. Kanungu podutsa anamva chisoni, nati aichotse nkhupakupazo. Nkhandwe inakana: izi zakhuta kale, zikungoyamwa pang'ono, koma mukazichotsa kubwera zina zanjala zidzamalize magazi otsalawa. Aesop anatembenukira kwa oweruza n'kunena kuti munthu uyu walemera kale, mukamupha kubwera ena osauka amene adzapulula chuma chonse cha mzinda. Palibe mphunzitsi wa Sande sukulu amene angakonde phunziro lotere. Si langizo la khalidwe labwino, ndi chida cha munthu wofuna kupulumutsa wakuba, ndipo mphamvu yake yonse ili pa anthu amene akhala pabwalopo tsiku limenelo, amene akudziwa kale kuti nkhupakupa yokhutayo ndani.

Owerenga Baibulo amaidziwa nthano ya mtundu umenewu ngakhale sanamvepo dzina la Aesop. Pa Oweruza 9, Abimeleki atapha abale ake 70 n'kulongedwa ufumu ku Sekemu, Yotamu amene anapulumuka anakwera phiri la Gerizimu n'kufuula nkhani ya mitengo yofuna mfumu. Mtengo wa azitona unakana, mkuyu unakana, mpesa unakana, chitsamba cha minga ndicho chinavomera. Atatha kulankhula anathawa. Munthu sathawa chifukwa chophunzitsa ana makhalidwe abwino. Amathawa chifukwa aliyense wamva kuti minga ija ndi uje.

Nanga phunziro lomata kumapeto linachokera kuti? Cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, Demetrius wa ku Phalerum, amene analamulirapo mzinda wa Athens, anasonkhanitsa nthano za Aesop m'buku limodzi. Bukulo linatayika, koma mwambo wounjika nthano pamodzi unapitirira, ndipo nthano ikalowa m'buku imasiya panja bwalo lake, omvera ake ndi mlandu umene inkayankha. Ben Edwin Perry, katswiri wa ku America amene mu 1952 anatulutsa mndandanda wa nthano 725 za mtundu umenewu, anafotokoza kuti mawu achidule oikidwa pamwamba pa nthano iliyonse poyamba anali othandiza wokalankhula pagulu kupeza msanga nthano yogwirizana ndi nkhani yake. Zili ngati dzina lolembedwa pathumba kuchigayo: limakuthandiza kupeza thumba lako, koma silidyedwa. Pambuyo pake nthano zinalowa m'sukulu za Agiriki ndi Aroma, ana akuphunzirira kulemba pozifupikitsa ndi kuzitalikitsa, ndipo dzina la pathumba lija linayamba kuoneka ngati ndilo ufa.

Kuti muone kuti nthanozi sizikupereka chiphunzitso chimodzi, tengani nyerere. Tonse timaidziwa Nyerere yakhama imene inatuta chakudya nyengo yabwino, Nyenje ikungoimba, ndipo kutazizira Nyenje inabwera kudzapempha n'kubwezedwa chimanjamanja. Koma m'nkhokwe yomweyo ya Aesop muli nthano ina yoti nyerere poyamba inali munthu, mlimi amene sankakhutira ndi zokolola zake n'kumaba za anansi ake, mpaka mulungu Zeus anakwiya n'kumusandutsa kachilombo kamene mpaka lero kamangotuta tirigu wa eni. Nyerere yomweyo, apa chitsanzo cha khama, apo chitsanzo cha dyera. Wosimba ankatenga imene ikumuthandiza pa mlandu umene wamugwera.

Zoti nyamazi zimathandiza kufupikitsa nkhani anazifotokoza bwino mlembi Lessing wa ku Germany mu 1759. Mukangotchula Nkhandwe, womvera wadziwa kale kuti kwabwera wochenjera, ndiye wosimba safunika kuwononga mawu. Koma kufupikako kuli ndi mtengo wake. Nyama ya m'nthano sisintha mtima. Mmbulu salapa, Nkhandwe sisiya chinyengo. N'chifukwa chake nthanozi zimaonetsa bwino mmene dziko lilili kusiyana ndi mmene munthu angakhalire wabwino.

Mpikisano wa Kamba ndi Kalulu ndi pamene nkhani ya Agiriki imakhudzana ndi yathu. Kwa Aesop, Kalulu amadzitama ndi liwiro lake, n'kugona panjira, Kamba n'kumudutsa pang'onopang'ono. Phunziro lake limatuluka losavuta: khama limaposa mphatso yonyozeredwa. Koma m'nthano imene imasimbidwa kuno kwathu ndi m'madera ambiri a Africa, Kalulu sagona ayi. Kamba ndiye amandandalika abale ake m'thengo m'mbali mwa njira yonse, ndipo Kalulu akathamanga n'kuitana, kamba wina amayankha ali kutsogolo, mpaka Kalulu kutheratu mpweya. Apa wapambana ndi wochenjera amene ali ndi mtundu womvana, osati wopirira. Muikepo phunziro lanji? Loti chinyengo n'chabwino? Loti mutu umodzi susenza denga? Onse awiri alimo, ndipo agogo osimba sankafunika kusankha, chifukwa omvera amene akhala akuyankha kuti tili tonse kuyambira pa padangokhala anali ataseka kale pamene payenera kusekedwa. Mabuku a sukulu ndiwo anatibweretsera Kalulu wogona, amene ndi wosavuta kufunsira mayeso.

Amene anatsutsa kwambiri zopatsa ana nthanozi anali Jean-Jacques Rousseau, m'buku lake la Émile la mu 1762. Nthawi imeneyo ana a ku France ankaloweza pamtima nthano za Jean de La Fontaine, zimene zinayamba kutuluka mu 1668. Rousseau anatenga ya Khwangwala ndi Nkhandwe n'kuisenda mzere ndi mzere. Khwangwala ali mumtengo, tchizi chili kukamwa. Nkhandwe ikumutamanda kuti ndi wokongola, ndipo mawu ake ayenera kukhala okomanso. Khwangwala atsegula kukamwa kuti aimbe, tchizi n'kugwa. Phunziro likuti usamakhulupirire okushashalika. Rousseau anati mwana safuna kukhala Khwangwala wopusayo, amafuna kukhala Nkhandwe, ndiye chimene watolapo ndi njira yodyera za eni ndi pakamwa. Pa Nyerere ndi Nyenje anatinso mwana adzatsanzira Nyerere, aphunzire kumana wopempha n'kumunyoza pamwamba.

Rousseau anaona bwino mmene ana amamvera nkhani. Pamene ndikusiyana naye ndi poganiza kuti limeneli ndi vuto la nthano. Kumene maso a womvera amathamangira ndi kumene wolemba anaika moyo, ndipo La Fontaine moyo anauika m'kamwa mwa Nkhandwe mwadala. Ndiponso nthano yake ya Nyenje ndi Nyerere, imene ili yoyamba m'buku, anaisiya yopanda phunziro lililonse. Imathera pa mawu a Nyerere ouza Nyenje kuti popeza inkaimba, tsopano ivine. Wolemba ndakatulo amene kwa zaka zambiri za moyo wake ankadalira kusungidwa ndi anthu olemera sangakhale kuti analemba mawu amenewo akuomba m'manja. Anangosiya Nyerere idziulule yokha. Amene amamatapo phunziro la khama pamenepo amatseka pakamwa pa La Fontaine.

Sindikunena kuti mawu omalizawo alibe ntchito konse. Nthawi zina amakhala chishango cha wolemba. Phaedrus anali kapolo womasulidwa wa m'nyumba ya mfumu Augustus, ndipo m'mawu oyamba a buku lake lachitatu amafotokoza kuti nthano zinayamba chifukwa akapolo sankayerekeza kunena poyera zimene zili mumtima, ndiye ankazikulunga m'nkhani zoseketsa. Onani mmene anachitira ndi nthano ya achule. Anaiika m'kamwa mwa Aesop, akulankhula ndi anthu a ku Athens amene ankabuula pansi pa ulamuliro wa Pisistratus. Achule anapempha mulungu Jupiter kuti awapatse mfumu. Iye anawaponyera chipika, chimene chinawaopsa ndi mkokomo wake pogwa m'madzi, koma posakhalitsa anazindikira kuti sichiyenda, nayamba kuchikwera ndi kuchinyoza. Anapempha ina. Anawatumizira njoka ya m'madzi imene inayamba kuwadya mmodzimmodzi. Phunziro lolembedwa likuti pirirani tsoka limene muli nalo, kuopa lalikulu. Wolamulira aliyense akhoza kuwerenga zimenezo n'kugwedeza mutu movomereza. Koma nkhaniyo yanena kale kuti mafumu alipo a mitundu iwiri yokha, chipika ndi njoka, ndipo yanena zimenezi mu Rome wa mafumu. Phunziro likugwada, nkhani ikuloza chala.

Chishangocho sichinamuteteze mokwanira. M'mawu oyamba omwewo Phaedrus amadandaula kuti anagwa m'mavuto pa mlandu umene Sejanus, mkulu wa asilikali olondera mfumu Tiberius, anali womuneneza, mboni, ndiponso woweruza. Sejanus anaphedwa m'chaka cha 31 Khristu atabadwa, ndipo Phaedrus anapitiriza kulemba mpaka mabuku asanu.