Kuseka pa Dothi Louma: Nkhani Zochitikadi za ku Machinga ndi Balaka

Ife kuno ku Malawi tiribe chipululu chonga Kalahari, koma amene adatsikako basi pa Balaka mwezi wa Okutobala, nkuona malambe ali mbuu ndi mtsinje wa Rivirivi utasanduka mchenga, sangatsutse kuti dzikolo ndi louma. Ku Machinga nako nyanja ya Chilwa, imene iribe mtsinje wotulukamo, idaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Anthu a maboma awiriwa, amene adali boma limodzi mpaka 1998, ali ndi mtundu wa nkhani umene ife ophunzira za zolembalemba taunyalanyaza. Ndikunena nkhani zoseketsa zimene wokamba amalumbira kuti zidachitikadi.

Otolera nthano, kuyambira Duff Macdonald amene adalemba za Ayao mu 1882 ndi R.S. Rattray mu 1907, adatisungira Kalulu ndi Fisi, ndipo tiyenera kuwathokoza. Koma chizolowezi chidakhazikika chakuti chimene sichiyamba ndi "Padangokhala" si luso, ndi macheza chabe. Ine ndikukana. Nthano ya Kalulu wokana kukumba chitsime imakamba za chilala cha paliponse ndi cha nthawi iriyonse. Nkhani yochitikadi imatchula mudzi, chaka ndi mboni. Omvera nthano amavomera kuti "Tiri tonse," koma omvera izi amakuwa kuti "Bodza!" ndipo wokamba amayankha kuti akamfunse uje, akadali moyo. Kukanganako ndi mbali ya luso lake.

Nachi chitsanzo chimene amalume anga amakamba. Msodzi wina wa kwa Mposa adatenga bwato pa ngongole chaka chimene nyanja idaphwa, 1995. Mwini bwato atabwera kudzalonjerera, msodziyo adamtengera kudooko, namuonetsa bwato litakhala pa matope ong'aluka, madzi osaoneka ngakhale patali. Adampatsa nkhafi mwaulemu nati, "Bwana, ngati simundikhulupirira, palasani muzipita nalo." M'bwatomo nkhuku zidali zitayamba kale kuikira, ndipo akuti ngongoleyo idayamba kubwezedwa ndi mazira.

Taonani mmene nkhaniyi yamangidwira. Njala siitchulidwa, koma iri m'mawu onse. Palibe woipa: wangongole sadabe, mwini bwato sadalakwe kufunsa chake. Chotiseketsa ndi nkhafi, chida choyenera pa malo oyenera, koma madzi palibe. Ndipo nkhani imathera pa mazira, osati pa mwambi. Wokamba wodziwa amaima pomwepo nayamba kufwenthera fodya.

China ndi cha mkamwini wochokera ku Mulanje, dziko la mitsinje yosaphwa, amene adakwatira cha ku Utale. Tsiku loyamba adasamba ndowa yathunthu, nkutsukiranso nsapato zake madzi otsala. Apongozi sadanene kanthu, paja mkamwini sayankhulidwa maso ndi maso. M'mamawa adatuma kamwana kukaika pakhomo pake ndowa, khasu ndi chikho, kati, "Akuti madzi anu a lero ali ku mtsinje, pansi pa mchenga." Apa nthabwala yagona pa ulemu. Chilango chaperekedwa popanda mwambo kuthyoledwa, ndipo amene sadziwa za chikamwini kapena za kufukula madzi m'mchenga sangaseke.

Tsono dandaulo langa liri pa ife alembi. Nkhani zotere zikafika pa misonkhano yathu zitatayipidwa, zimafika zitavulala m'njira zitatu. Choyamba, mlembi amachotsa dzina la malo nkulemba kuti "m'mudzi wina," ngati kuti Nayuchi ndi Phalula ndi chimodzimodzi. Chachiwiri, amamata phunziro kumapeto, monga timachitira ku pulayimale pophunzira miyambi ya mu Nzeru za Kale ya Kumakanga. Bukulo lidalembedwa kuti liphunzitse, ndipo limatero bwino, koma msodzi wa kwa Mposa safuna mphunzitsi womuimira kumbuyo. Chachitatu, chimene chiri choopsa, mlembi amasintha woseka. Kumudzi wokamba amaseka mlamu wake, kapena amadziseka yekha, ndipo onse adamwa madzi a chithaphwi chimodzi. Pa pepala woseka amakhala mnyamata wa ku koleji amene ali ndi mpopi m'bafa, ndipo wosekedwa ndi munthu wakumudzi woyankhula Chichewa chopindika ndi Chiyao. Mawu ndi omwewo, koma nthabwala yasanduka chipongwe.

Pa za chiyankhulo ndionjezepo. Ambiri okamba nkhanizi kwa Kawinga, kwa Liwonde ndi kwa Kalembo amayamba m'Chichewa, koma pofika pachimake amalumphira m'Chiyao, chifukwa mawu amene adanenedwa tsikulo adali a Chiyao. Mlembi amene awongola zonse kuti zikhale Chichewa cha m'kalasi wachotsa mchere m'ndiwo.

Wina anganene kuti nkhanizi nzokokomeza, choncho sizingatchedwe zoona. Inde, chaka chirichonse nkhuku za m'bwato muja zimachuluka. Koma chaka cha chilala sichisuntha, dzina la dooko silisintha, ndipo mtengo wa ndowa ya madzi umakumbukika bwino. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949, adatenga nyimbo za amayi za pamtondo ngati umboni, ndipo zidaulula zimene malipoti a boma la atsamunda sadalembe. Nthabwala za 1992 ndi chimanga chake chachikasu zingachite ntchito yomweyo, ngati wina azilemba okamba ake asanathe.

Pempho langa kwa anzanga opita ku tchuthi ndi sitima kapena basi ya ku Liwonde nlakuti akakhale pansi pa mtengo wa masau, amvetsere, alembe monga zakambidwira, pamodzi ndi "Bodza!" wa omvera. Akafika pa mazira, aike cholembera pansi.