Oireachtas na Gaeilge: Nyimbo ya Pamudzi Pamaso pa Oweruza

Caka ndi caka, mwezi wa October ulinkutha ndi wa November ulinkuyamba, anthu a ku Ireland okonda cinenero ca makolo ao, cimene acicha Gaeilge, amasonkhana pa cikondwerero cochedwa Oireachtas na Gaeilge. Pamafika anthu ophunzira a m'masukulu akuru kudzakamba za cineneroco, pamafika olemba nyuzi ndi othirira ndemanga pa wailesi, pamafikanso anyamata ndi asungwana oyimba ndi obvina. Cikondwereroci cidayamba mu 1897 mu mzinda wa Dublin, ndipo lidaciyambitsa ndi bungwe la Conradh na Gaeilge, limene Douglas Hyde, Eoin MacNeill ndi anzao adaliimika mu 1893. Nzeru yace adaionera kwa anansi ao a ku Wales, eni msonkhano wa Eisteddfod. Cidazirala citatha caka ca 1924, nkudzukanso mu 1939.

Pa nkhani ya mabuku, Oireachtas yagwira nchito yosakanika. Mu 1947 mphoto ya zolemba idapita kwa Máirtín Ó Cadhain, munthu wa ku Conamara amene poyamba adali mphunzitsi wa ana ang'ono, cifukwa ca buku lace Cré na Cille, limene lidasindikizidwa mu 1949. Anthu a m'bukuli ndi akufa okha-okha, ogona m'manda amodzi, koma alikupitiriza miseche ndi ndeu zimene adali nazo pamudzi. Apa mpikisano sudaononge kanthu, pakuti buku limafika lathunthu m'manja mwa woweruza. Kaya aliwerengera ku Dublin, kaya m'mbali mwa nyanja, mau ace ndi omwewo.

Nyimbo siiri conco. Mayimbidwe amene Oireachtas iwalemekeza koposa ndi ochedwa sean-nós, ndiko kuti mayimbidwe akale. Munthu amayimba yekha, popanda comuyimbira ciri conse, kawiri-kawiri atatsinzina, natalikitsa ndi kupinda mau monga mtima wace umuuzira. Kwao kweni-kweni kwa nyimbozi kudali m'nyumba usiku, anansi atazungulira moto. Nthawi zina mnansi amagwira dzanja la woyimba naligwedeza pang'ono-pang'ono kufikira nyimbo itatha. Anthu a kumeneko popempha nyimbo amati munthu ainene, osati aiyimbe, pakuti cacikuru kwa iwo ndi nkhani iri m'katimo. Ndipo woyimba wabwino amayamba wafotokoza gwero la nyimbo, za munthu amene adamira m'nyanja kapena za namwali amene adasiyidwa. Tsono munthu yemweyo akaimikidwa pa nsanja, pamaso pa oweruza ogwira mapepala, dzanja la mnansi palibe, mpata wofotokozera gwero ucepa, ndipo catsala ndi liu lokha kuti lipimidwe.

Cobvuta cina cidali malo. Kuyambira 1939 cikondwereroci cidakhazikika ku Dublin, kumene anthu ambiri alankhula Cingelezi, kotero kuti eni nyimbo a m'madera ochedwa Gaeltacht adali kupita ngati alendo ku phwando la cinenero cao comwe. Mu 1970 anthu a ku Conamara adacititsa msonkhano wao-wao ku Ros Muc, naucha Oireachtas na nGael, ndipo mu 1974 Oireachtas yeni-yeniyo idasamukira ku Cois Fharraige, m'dera lomwelo la Conamara. Kuyambira pamenepo imayendera malo osiyana-siyana. Kusamukaku kudali kolungama, ngakhale kudacedwa.

Wailesi ya Raidió na Gaeltachta, imene idayamba mu 1972, ndi ya kanema ya TG4, imene idayamba mu 1996 ndi dzina la Teilifís na Gaeilge, zafikitsa mpikisano wa cikho ca Corn Uí Riada m'nyumba zambiri. Cikhoci cikumbutsa Seán Ó Riada, katswiri wa nyimbo amene adamwalira mu 1971. Nkosatheka kukana kuti zimenezi zakopa ana ambiri amene mwina sakadamva konse nyimbo zotere. Koma mpikisano uli ndi khalidwe lace. Mwana wofuna kupambana amamvetsera amene adapambana dzana, ndipo mphunzitsi wace amamsankhira nyimbo zimene oweruza adazikonda. Mayimbidwe a ku Conamara, opinda mau kwambiri, ndi a ku Donegal, oongoka ndi osacuruka zokometsera, onse ndi a makolo. Koma woweruza akazolowera kuyesa luso ndi kucuruka kwa mapindidwe, mwana wa ku Donegal adzayamba kucita manyazi ndi nyimbo ya agogo ace. Seosamh Ó hÉanaí wa ku Carna, amene adalandira mendulo ya golide ku Oireachtas mu 1955 namwalira ku Seattle mu 1984, adaphunzira nyimbo zace kwa abale ndi anansi, nazisula m'kamwa mwace mwa iye yekha. Mwana amene atsanzira liu la Ó hÉanaí lojambulidwa pa makina, mpaka ndi pamene iye adapumira mpweya, watenga cikopa nasiya nyama.

Ophunzira ndi olemba nyuzi ali ndi mlandu wao pamenepa. Wophunzira amathandiza akakhala ngati Lillis Ó Laoire wa ku Donegal, amene adapambana Corn Uí Riada mu 1991 ndi mu 1994, nalembanso buku la nyimbo za pa cisumbu ca Tory atakhala pansi ndi eni ace kuwafunsa nthawi ndi cifukwa cimene nyimbo iri yonse imayimbidwira. Otere ndi owerengeka. Wolemba nyuzi naye amakopeka ndi khamu la pa cikondwerero, nalemba kuti cinenero cadzuka. Kalembera wa anthu wa mu 2022 adaonetsa zina: anthu oposa 1,800,000 adati atha kulankhula Gaeilge, koma olankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu adali 71,968 okha. Masiku owerengeka a phwando sanena kanthu za cinenero cimene mai alankhula ndi mwana wace m'mawa wa Lolemba.

Wophunzira uphunzitsi alinganize zimenezi ndi nchito ina imene dziko lomweli lidagwira. Kuyambira 1937, bungwe la Irish Folklore Commission lidapempha masukulu a ana ang'ono okwana ngati 5,000 kuti asonkhanitse za makolo, ndipo ana oposa 50,000 adatumidwa kwa makolo, agogo ndi anansi ao kukafunsa nthano, miyambi, nyimbo, mankhwala ndi maina a malo. Nchitoyo idalinso ndi cilema cace, pakuti cimene calembedwa m'kope cikhoza kungogona m'kabati. Koma ulendo wa mwana udalunjika kwa nkhalamba ya pamudzi pace, osati kwa woweruza, ndipo pansi pa nkhani zambiri mwana adalemba dzina la amene adamuuza, zaka zace ndi mudzi wace.