AZONDI PA KHOMO LOYANDIKANA

Mwa masewero a pa wailesi ya kanema amene asimba za udani wa America ndi Soviet Union, The Americans ndilo limodzi loyenera kulilingalira mofatsa. Linaonetsedwa kuyambira caka ca 2013 kufikira 2018 m'zigawo 75, ndipo woliyambitsa ndiye Joe Weisberg, amene kale anagwirako nchito ku CIA, bungwe la azondi a America. Nkhani yace iyamba mu 1981, Ronald Reagan atangolowa pampando, nitha mu 1987. Masiku amenewo maiko awiriwa analozetsana mabomba a nyukiliya zikwizikwi, lina likuti munthu ali yense acite malonda mwaufulu, linzace likuti cuma cikhale m'manja mwa boma. Ndipo anthu wamba anali kugona osadziwa ngati kudzawacera.

Eni nkhani ndiwo Philip ndi Elizabeth Jennings, banja lokhala pafupi ndi Washington, lokhala ndi ana awiri, Paige ndi Henry, ndi kampani yokonzera anthu maulendo. Wopita panjira angati ndi banja lodala. Komatu cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Awiriwa ndi Arasha, maina ao enieni ndi Mikhail ndi Nadezhda, ndipo ukwati wao anaumanga ndi a KGB, bungwe la azondi a kwao. Ana ao sadziwa kanthu. Tsono pa khomo loyandikana pafika Stan Beeman wa FBI, amene nchito yace ndiyo kusaka anthu otere, nasanduka bwenzi la pamtima la Philip.

Nzeru ya olemba yagona pakuti mkangano wa maiko aulowetsa m'nyumba, naukhazika podyera. Elizabeth anakulira m'umphawi wa ku Smolensk itatha nkhondo yaikuru, ndipo zokoma za America aziyesa nyambo. Philip wazolowera magetsi osazima ndi cakudya cosasowa, nayamba kufunsa mumtima ngati adaniwo ali oipadi. Paige naye alowa mpingo, cinthu cimene cipweteka mai wace koposa kutukwanidwa. Motero woonera safunika kuphunzitsidwa za cikomyunizimu; aciona pa nkhope ya mai amene apeza mwana wace ali kuwerenga Baibulo.

Mantha a bomba aoneka bwino koposa m'caka cacinai ca sewerolo. Pa 20 November 1983 anthu pafupifupi mamiliyoni 100 a ku America anaonera The Day After, cithunzi cosonyeza midzi ya ku Kansas itapserera ndi nkhondo ya nyukiliya. Olemba aika a Jennings, a Beeman ndi Arasha a ku ofesi ya kazembe pamaso pa cithunzi comweco, onse ali cete, mantha ao ali amodzi. M'cigawo comweco Oleg Burov anong'oneza mnzace za usiku umene makina a kwao ananama kuti America yaponya mabomba. Zimenezi zinacitikadi pa 26 September 1983, ndipo Stanislav Petrov, msilikali amene anali pa ulonda, anakana kukhulupirira makinawo.

Munthu angayembekeze kuti ataona zotere mitima ifewa. Koma Elizabeth, amene anali kuzengereza kupasula banja la Young-Hee, mkazi wa ku Korea amene anamkonda ngati mbale, anyamuka nakacita ciwembuco, poti kutero ndiko kuteteza dziko lace. Apa ndipo pali mtima wa sewero lonse. Mantha a cionongeko cacikuru asanduka cilolezo ca zoipa zazing'ono zosawerengeka, ndipo olipira ndi anthu amene sadziwa n'komwe kuti pali nkhondo. Wina wa iwo ndi Martha Hanson, mlembi wa ku FBI wosowa womkonda, amene Philip amkwatira ndi dzina labodza kuti azimtapa zinsinsi. Zitaululika, amtumiza ku Moscow, kumene alibe mbale ndipo sadziwa cinenero. Palibe bomba limene linamgwera, koma moyo wace unatha.

Sewero lotere silingasowe cilema. Olemba acurukitsa kupha, tsitsi lobvala ndi zigololo, kotero kuti banja limodzi licita nchito ya gulu lonse la nkhondo, m'mawa mwace n'kukatsegula ofesi monga kale. Azondi khumi a Russia amene anagwidwa ku America mu 2010, amene nkhani yao inapatsa Weisberg ganizo la sewerolo, sanaimbidwe mlandu wakupha munthu. Nchito yao inali ya kudikira ndi kupalana ubwenzi zaka zambiri. Ndiponso mitembo ikacuruka, woonera azolowera mwazi, naleka kuwerengera akufa, cimene ciri cosemphana ndi phunziro la olemba eni ace.

Koma mathero afafaniza zambiri za zolakwa izi. Mu 1987, pamene Reagan ndi Mikhail Gorbachev ali pafupi kusaina pangano la pa 8 December locotsa mabomba ena ku Ulaya, Elizabeth alamulidwa kupha nthumwi ya dziko lace lomwe, azindikira kuti omtuma afuna kugwetsa Gorbachev, nakana. Stan awapeza m'nyumba yosungiramo magalimoto, mfuti iri m'manja. Alankhulana nthawi yaitali, ndipo awalola apite. Henry amsiya kusukulu, atatsazikana naye pa lamya iye osadziwa kuti ndi kutsazika. Paige akwera nao sitima, koma pafupi ndi malire a Canada atsika, ndipo makolo amuona pa zenera ataima yekha, sitima iri kuyenda.

Olemba ena akadawapha kapena kuwaponya m'ndende, kuti woonera apite kokagona mtima uli m'malo. Awa asankha cilango cowawa koposa. Philip ndi Elizabeth afika ku Moscow amoyo, nkhondo imene anaiopa siinabwere, ndipo dziko limene analitumikira linatsala ndi zaka zinai zokha, pakuti linapasuka mu 1991. Akale anati mapanga awiri abvumbwitsa. Awiriwa aima usiku kuyang'ana magetsi a mzinda wa kwao, ali alendo, ana ao ali tsidya lina la nyanja.